Mphamvu ya Mawu m'Mapangano a Malipiro: Phunziro Lochokera kwa Aphunzitsi a m'Mayunivesite a ku Nigeria

Mawu oyamba

Pa 14 Febuluwale 2022 aphunzitsi a m'mayunivesite aboma ku Nigeria adayamba kunyanyala ntchito, ndipo sitalakayi idaimitsidwa pa 14 Okutobala chaka chomwecho. Kwa miyezi 8 yathunthu ophunzira adangokhala pakhomo. Chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu za mkanganowu chidali pangano lomwe boma ndi bungwe la aphunzitsiwo adasayinira mu 2009, zaka 13 m'mbuyomo. Mbali zonse ziwiri zidali ndi pepalalo m'manja, ndipo panalibe yemwe ankakana kuti adasayina. Nanga zidatheka bwanji kuti pepala limodzi libale mikangano kwa zaka zoposa khumi?

Anthu ambiri akamakamba za masitalaka a aphunzitsi amathamangira kunkhani ya ndalama, ndipo sakulakwa ayi. Komabe ine monga wophunzira wa chiyankhulo ndikuona kuti pali mbali ina yomwe sitiiganizira kawirikawiri. Zokambirana za pakati pa olemba ntchito ndi olembedwa ntchito zimachitika m'mawu, zimathera m'mawu olembedwa, ndipo zikasokonekera anthu amabwereranso kukakangana pa mawu omwewo. M'chimangirizo chino ndifotokoza kuti pangano la malipiro ndi lonjezo, ndipo lonjezo limalimba pokhapokha ngati likutchula wochita, nthawi ndi gwero la ndalama, komanso ngati wolonjezayo ali ndi mphamvu yochita zomwe wanenazo. Ndigwiritsa ntchito mbiri ya bungwe la aphunzitsi a ku Nigeria, maganizo a akatswiri awiri a chiyankhulo, ndiponso malamulo a Chichewa chathu chomwechi.

Mbiri yachidule ya mkanganowu

Bungwe loimira aphunzitsi a m'mayunivesite aboma ku Nigeria limatchedwa Academic Staff Union of Universities, mwachidule ASUU. Lidakhazikitsidwa mu 1978. Boma la asilikali la Ibrahim Babangida lidaletsa bungweli mu 1988, lidalilolanso mu 1990, kenaka n'kuliletsanso mu 1992. Ngakhale zidali choncho, m'mwezi wa Sepitembala 1992 boma lomwelo lidasayinira pangano ndi aphunzitsiwo, omwe panthawiyo ankatsogoleredwa ndi Attahiru Jega. Pangano lina lidasayinidwa mu 2001.

Pangano lomwe lidatchuka kwambiri ndi la mu Okutobala 2009, m'nthawi ya ulamuliro wa Umaru Musa Yar'Adua. Mbali yaboma pazokambiranazo inkatsogoleredwa ndi Gamaliel Onosode. Panganoli lidakhudza malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito, ndalama zoyendetsera mayunivesite, komanso ufulu wa mayunivesite wodziyendetsa okha ndi ufulu wa aphunzitsi pakaphunzitsidwe. Mudalinso ndalama zapadera zolipira ntchito zoonjezera monga kuyang'anira kafukufuku wa ophunzira ndi kuphunzitsa makalasi opitirira muyeso. Mbali ziwirizo zidagwirizananso kuti zizikhala pansi kuunikanso panganolo pakatha zaka zitatu zilizonse.

Zomwe zidatsatira ndi mndandanda wa masitalaka. Aphunzitsi adanyanyala ntchito kuyambira mu Disembala 2011 mpaka mu Febuluwale 2012, kuyambira mu Julayi mpaka mu Disembala 2013, m'miyezi ya Ogasiti ndi Sepitembala 2017, kuyambira mu Novembala 2018 mpaka mu Febuluwale 2019, kuyambira mu Malichi mpaka mu Disembala 2020, kenaka miyezi 8 ija ya mu 2022. Pafupifupi sitalaka iliyonse inkatha ndi pepala latsopano. Mapepala a mu 2012 ndi 2013 ankatchedwa Memorandum of Understanding, kutanthauza chikalata chosonyeza kumvana. Koma a mu 2017, 2019 ndi 2020 adatchedwa Memorandum of Action, kutanthauza chikalata chosonyeza zoyenera kuchita. Kusintha kwa dzinaku kukutiuza zambiri. Zikuoneka kuti anthu adazindikira kuti kumvana kokha kudali kosakwanira, motero adaika mawu oti kuchita pamutu penipeni pa chikalatacho. Koma dzina latsopanolo silidaletse sitalaka yotsatira.

Mawu omwe amachita zinthu

Katswiri wa ku Britain, J. L. Austin, m'buku lake la How to Do Things with Words lomwe lidasindikizidwa mu 1962, adaonetsa kuti si ziganizo zonse zomwe zimangofotokoza momwe zinthu zilili. Ziganizo zina zikanenedwa, chinthu chimachitika pomwepo. Mwachitsanzo, mfumu ikauza mlendo pamaso pa nduna zake kuti yamupatsa malo, malowo aperekedwadi. Woweruza akanena kuti wagamula munthu kukakhala kundende, chigamulo chagwa. Ankhoswe a mbali ziwiri akavomerezana, ukwati wamangidwa. Austin adatinso mawu oterewa amagwira ntchito pokhapokha akanenedwa ndi munthu woyenera, pamalo oyenera, motsata ndondomeko yovomerezeka. Mnyamata wobusa mbuzi atanena mawu omwewo omwe mfumu idanena, palibe malo omwe aperekedwa. Iye adasiyanitsa mitundu iwiri ya kulephera. Mtundu woyamba ndi pomwe mawu sadagwire n'komwe chifukwa wonenayo alibe udindo. Mtundu wachiwiri ndi pomwe mawu agwira, koma wonenayo alibe cholinga chowatsatira.

John Searle adapitiriza maganizowa m'buku lake la Speech Acts la mu 1969, ndipo adaunika lonjezo mwapadera. Malinga ndi iye, lonjezo lenileni limanena za chinthu chomwe woyankhula mwiniwakeyo adzachite m'tsogolo, chinthucho chimakhala chofunidwa ndi womvera, woyankhulayo amakhala ndi cholinga chochichita akukhulupirira kuti angathe, ndipo ponena mawuwo amadzimangirira yekha. Achewa adaiona kale mphamvu imeneyi, n'chifukwa chake amati lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane. Munthu akalonjeza pagulu amakhala wadzimanga, ngakhale zitafika powawa.

Tikaliona motere, pangano la pakati pa boma ndi bungwe la apantchito ndi malonjezo angapo osonkhanitsidwa pamodzi. Aphunzitsi amalonjeza kubwerera m'kalasi, boma limalonjeza ndalama ndi kusintha kwa zinthu zina. Koma malonjezo awiriwa safanana kulemera kwake. La aphunzitsi limakwaniritsidwa Lolemba lotsatira ndipo aliyense amaona ndi maso kuti makalasi atsegulidwa. La boma limatambasuka zaka zingapo, limadutsa m'maofesi ambiri, ndipo nthawi zina limadutsa ngakhale chisankho, n'kugwera m'manja mwa anthu omwe sadakhale nawo pazokambirana. Apa ndi pomwe pali chiyambi cha mavuto.

Zomwe zidakhazikika ndi zomwe zidauluka

Njira yabwino yoyesera maganizowa ndi kuona mfundo zomwe aphunzitsi a ku Nigeria adapeza zenizeni, n'kuziyerekeza ndi zomwe zinkangobwerezedwa m'mapepala.

Poyamba, tione zomwe zidatuluka m'pangano la mu 1992. Aphunzitsi adapereka ganizo loti makampani azipereka msonkho wapadera wothandizira maphunziro. Mu 1993 boma lidakhazikitsa lamulo loti makampani olembetsedwa m'dzikomo azipereka 2 peresenti ya phindu lawo kuthumba la maphunziro. Mu 2011 thumbali lidakonzedwanso n'kutchedwa Tertiary Education Trust Fund, mwachidule TETFund, kuti lizithandiza sukulu zaukachenjede zokha. Ndalama za thumbali zidamanga nyumba zophunziriramo zambiri ndi kulipirira aphunzitsi ochuluka maphunziro apamwamba. Maboma adasintha, asilikali adachoka, anthu wamba adalowa, koma msonkhowo udapitirira kusonkhetsedwa kwa zaka zambirimbiri.

Chachiwiri ndi msinkhu wopumira pantchito. Pangano la mu 2009 lidati mapulofesa azipuma akakwanitsa zaka 70. Mfundoyi idachedwa, ndipo idali chimodzi mwa zifukwa za sitalaka ya mu Disembala 2011. Koma mu 2012 idakhala lamulo la dziko m'nthawi ya Goodluck Jonathan, ndipo kuchokera apo idachoka pamndandanda wa madandaulo akuluakulu.

Tsopano tiyerekeze ndi ndalama zokonzera mayunivesite. Mu 2012 komiti yotsogoleredwa ndi Mahmood Yakubu idayendera mayunivesite aboma ndipo idapeza makalasi odzaza kwambiri, zipinda za sayansi zopanda zipangizo, ndi malo ogona ophunzira owonongeka. Potsatira lipotili, chikalata cha mu Disembala 2013 chidati boma lipereka N1.3 triliyoni, ndalama za ku Nigeria zotchedwa naira, m'zaka 6: N200 biliyoni chaka choyamba, kenaka N220 biliyoni chaka chilichonse kwa zaka zisanu. Aphunzitsi adakana kubwerera kuntchito mpaka ataona umboni woti N200 biliyoni yoyambayo yaikidwa kubanki yaikulu ya dzikolo. Ankadziwa kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndipo zidachitikadi motero, pakuti ndalama za zaka zotsatirazo sizidatuluke monga momwe zidalembedwera. Mitengo ya mafuta, omwe boma la Nigeria limadalira kwambiri, idatsika kuyambira mu 2014, boma lidasintha mu 2015, ndipo chuma cha dzikolo chidalowa pansi mu 2016. Chimodzimodzinso mfundo younikanso pangano pakatha zaka zitatu. Idayenera kuchitika mu 2012, koma komiti yoyamba idasankhidwa mu 2017, ndipo pofika mu 2022 ntchitoyo idali isadathe.

Kusiyana kwake kukuoneka poyera. Mfundo zomwe zidasanduka lamulo zidayamba kuyenda zokha. Msonkho wa makampani sunkadikira kuti nduna ikumbukire kapena ikomere mtima munthu chaka ndi chaka. Koma mfundo zomwe zidatsala m'chikalata zinkafuna kuti wina alonjezenso mwatsopano nthawi iliyonse yokonza bajeti, ndipo njira yokhayo yomukumbutsira idali sitalaka.

Zomwe malamulo a Chichewa angatiphunzitse

Mapangano a ku Nigeria amalembedwa m'Chingerezi, koma Chichewa chili ndi zida zabwino zounikira zomwe zimachitika m'zokambirana zoterezi. Nditchula zitatu.

Choyamba ndi msintho wochitirana, womwe umadziwika ndi mphatikiri -an-. Taonani mawu awa: kukambirana, kugwirizana, kumvana, kupangana. Dzina loti mgwirizano lidachokera ku mneni woti gwirizana, ndipo loti pangano lidachokera ku pangana. Onsewa amafuna anthu awiri kapena kuposerapo ochitirana chinthu mofanana. Munthu sangakambirane yekha. Koma aneni monga lamula, pereka ndi lengeza alibe mphatikiri ameneyu, ndipo ntchito yake imachokera mbali imodzi kupita mbali ina. Kusiyanaku kudaonekera mu 2022 pomwe boma lidalengeza kuti lingakweze malipiro a mapulofesa ndi 35 peresenti ndi a aphunzitsi ena onse ndi 23.5 peresenti. ASUU idakana. Kuonjezera pa kuchepa kwa ndalamazo, bungweli lidadandaula kuti ziwerengerozo zidangobwera kuchokera kumwamba osadzera pazokambirana. M'mawu ena, boma linkapereka pomwe aphunzitsi ankafuna kupangana. Ufulu wokambirana pamodzi za malipiro umatetezedwa ndi pangano la nambala 98 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, la mu 1949, lomwe Nigeria idavomereza mu 1960 ndipo Malawi adavomereza mu 1965. N'zochititsanso chidwi kuti mawu oti mkangano nawonso ali ndi -an-. Okangana amakhala akadayankhulana, ndipo bola zimenezo kusiyana ndi pomwe mmodzi wangokhala chete.

Chachiwiri ndi msintho wochitidwa, wa -idw- kapena -edw-. Msinthowu umalola kuti chiganizo chikhale chokwanira popanda kutchula mchitantchito. Ziganizo zitatu zotsatirazi ndazipeka ndekha kuti zikhale zitsanzo:

(a) Ndalama zokonzera mayunivesite zidzaperekedwa.

(b) Boma lidzayesetsa kupereka ndalama zokonzera mayunivesite chuma chikalola.

(c) Unduna wa zachuma udzaika ndalama zakutizakuti kubanki yaikulu pofika pa 31 Malichi chaka chilichonse, kuchokera kumsonkho wakutiwakuti, ndipo ukalephera nkhaniyi idzapita kukhothi.

M'chiganizo (a) mulibe wopereka, choncho ndalama zikapanda kubwera palibe yemwe tingamuloze chala. M'chiganizo (b) mchitantchito alipo, koma chomwe walonjeza ndi kuyesetsa basi, ndipo mawu oti chuma chikalola amupatsa khomo lotulukira. Munthu angayesetse n'kulephera, koma osaphwanya lonjezo. Chiganizo (c) chokha ndicho chikutchula wochita, tsiku, gwero ndi zotsatira za kulephera. Pamapeto a zokambirana zotopetsa, anthu atakhala usiku wonse, n'kosavuta kuvomera ziganizo za mtundu wa (a) ndi (b) chifukwa mbali iliyonse imatha kuziwerenga mokomera iyo yomwe.

Chachitatu ndi mphatikiri wa nthawi yam'tsogolo, -dza-. Tonse timadziwa kusiyana kwa ndikupatsa ndi ndidzakupatsa pakamwa pa munthu yemwe ali nafe ngongole. Mphatikiri -dza- amaloza kutsogolo koma satchula malire. Mawa ndi m'tsogolo, zaka khumi zikubwerazo ndi m'tsogolonso. Lonjezo lililonse limakhala m'nthawi yam'tsogolo, motero wokambirana wanzeru amayesetsa kumangirira -dza- aliyense ku tsiku lenileni.

Komabe pano ndiyenera kuchenjeza. Chikalata cha mu 2013 chidatchula kuchuluka kwa ndalama komanso zaka, koma sichidakwaniritsidwe. Izi zikusonyeza kuti chiganizo chomveka bwino n'chofunika koma pachokha sichikwanira. Chomwe chidasowa chidali gwero la ndalama losadalira bajeti ya chaka ndi chaka, ngati lomwe msonkho wa mu 1993 udali nalo. Malamulo a chiyankhulo amatithandiza kuona pomwe pali mpata, koma kutseka mpatawo ndi ntchito ya malamulo a dziko.

Kodi wolonjezayo ndiye mwini thumba?

Tibwerere ku mfundo ya Austin yoti mawu amagwira akanenedwa ndi munthu woyenera. Kuyambira mu 2017 boma la Nigeria lidasankha makomiti otsatizana kuti akambirane ndi ASUU. Yoyamba inkatsogoleredwa ndi Wale Babalakin, yachiwiri ndi Munzali Jibril, ndipo yachitatu, ya mu 2022, ndi Nimi Briggs. Makomiti awiri omalizawa adafika polemba zomwe adamvana ndi aphunzitsi, koma boma silidasayine. Pa za komiti ya Briggs, nduna ya zantchito ya nthawiyo, Chris Ngige, idati nthambi zoona za chuma ndi malipiro sizidatengepo mbali mokwanira, ndipo boma silikadakwanitsa ziwerengerozo.

Kwa aphunzitsi, uku kudali kuwataitsa nthawi, pakuti komitiyo idatumidwa ndi boma lomwelo. Kwa boma, komitiyo idangopereka malangizo. Mawu amodzimodzi, papepala limodzimodzi, mbali ina inkawamva ngati pangano pomwe ina inkawamva ngati maganizo chabe. Zili ngati banja lomwe latumiza munthu kukakamba za ukwati, abale a mkazi n'kumulandira ngati nkhoswe, koma pambuyo pake eni mbumba n'kunena kuti ameneyo adali wongoperekeza.

Vutoli limakula chifukwa cha momwe mayunivesite aboma alili. Wolemba ntchito mphunzitsi ndi khonsolo ya yunivesite, woyang'anira maphunziro ndi unduna wa zamaphunziro, wosunga ndalama ndi unduna wa zachuma, ndipo wovomereza bajeti ndi nyumba ya malamulo. Ku Nigeria kulinso mayunivesite a maboma a zigawo, omwe salipidwa ndi boma lalikulu lomwe limasayina mapanganowa. Mkangano wa mu 2020 udakhudzanso funso lomweli la mwini thumba, pomwe boma lidaika aphunzitsi pa njira yolipirira antchito aboma onse pakompyuta yotchedwa IPPIS. ASUU idakana ponena kuti njirayo ikulanda mayunivesite ufulu wodziyendetsa, ndipo idakonza yakeyake yotchedwa UTAS. Mu Disembala 2023 nduna zaboma zidavomereza kuti mayunivesite achotsedwe pa IPPIS. Phunziro lake ndi lakuti zokambirana zisadayambe, funso loyamba liyenera kukhala loti: kodi amene wakhala tsidya linalo la tebulo ali ndi mphamvu yonena kuti inde?

Kodi mawu oti ntchito amatanthauzanji?

Sitalaka ya mu 2022 idatha ndi mkangano wa tanthauzo la liwu limodzi. Boma lidatengera nkhaniyi kukhothi loona za ntchito, ndipo pa 21 Sepitembala khothilo lidalamula aphunzitsi kuti abwerere m'kalasi. Khothi la apilo lidagwirizana nazo kumayambiriro kwa Okutobala. Potsamira gawo 43 la lamulo la Trade Disputes Act, lomwe limati wonyanyala ntchito salandira malipiro a nthawi yomwe sadagwire, boma lidagwira malipiro a miyezi yonse ya sitalakayo. Ngakhale a mwezi wa Okutobala adaperekedwa mowerengera masiku omwe aphunzitsi adagwira atabwerera.

Kwa boma, ntchito inkatanthauza kupezeka pamalo antchito tsiku ndi tsiku. Aphunzitsi adayankha kuti ntchito yawo ili patatu: kuphunzitsa, kuchita kafukufuku ndi kutumikira anthu, ndipo chomwe adaimitsa ndi gawo loyamba lokha. Adaonjezanso kuti atabwerera adzaphunzitsabe maphunziro onse otsalira ndi kuchonga mayeso ake, motero ntchitoyo idangochedwa, siidatayike. Adadandaulanso kuti kuwalipira mowerengera masiku n'kuwasandutsa aganyu. Chichewa chimasiyanitsa bwino mawu awiriwa. Waganyu amalipidwa malinga ndi mizere yomwe walima lero, pomwe wantchito amalipidwa pamwezi chifukwa cha udindo womwe wasenza. Mu Okutobala 2023 Pulezidenti Bola Tinubu adavomereza kuti aphunzitsi alandire malipiro a miyezi inayi mwa yomwe idagwidwayo.

Pamkangano wonsewu panali gulu lachitatu lomwe lidalibe mpando pazokambirana. Njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu. Ophunzira adataya miyezi 8 mu 2022, kuonjezera pa miyezi ya mu 2020 pomwe sitalaka idakumana ndi mliri wa COVID-19. Mu Sepitembala 2022 ena mwa iwo adatseka msewu wopita kubwalo la ndege la mumzinda wa Lagos pofuna kuti mawu awo amveke. Mbali zonse ziwiri zinkati zikumenyera ubwino wa ophunzira, koma m'ziganizo zawo ophunzirawo ankakhala pamtherankhani, osakhalapo mwininkhani. Ine monga wophunzira ndikuona kuti madandaulo a aphunzitsi adali omveka, pakuti kalasi yodzaza ndi laibulale yopanda mabuku zimapweteka ife tomwe. Komanso n'zoona kuti chida chomwe chagwiritsidwa ntchito kasanu ndi kamodzi m'zaka 11 chimakhala chikuonetsa kuti njira yokambiranayo ili ndi chilema.

Kodi zikutikhudza bwanji kuno kwathu?

Ku Malawi nakonso mayunivesite aboma amayendetsedwa ndi makhonsolo pomwe gawo lalikulu la ndalama limachokera kuboma kudzera m'bajeti, choncho funso la mwini thumba silachilendo. Lamulo la Labour Relations Act la mu 1996 limapereka ufulu wokambirana pamodzi, ndipo kuli khothi la Industrial Relations Court loweruza milandu ya zantchito. Mu 2017 aphunzitsi a ku Chancellor College adanyanyala ntchito kwa miyezi ingapo pofuna kuti malipiro awo afanane ndi a anzawo a ku College of Medicine, omwe ankalandira ndalama zoonjezera za 40 peresenti, chonsecho panthawiyo onse adali pansi pa yunivesite imodzi. Apanso mkangano udagona pa tanthauzo: kodi ntchito yofanana ndi iti?

Chitsanzo china ndi cha mu 2011. M'mwezi wa Febuluwale chaka chimenecho mkulu wa apolisi, Peter Mukhito, adaitanitsa mphunzitsi wa ndale, Blessings Chinsinga, kukamufunsa za chitsanzo chomwe adapereka m'kalasi chokhudza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja komanso zipolowe za ku Tunisia ndi Egypt. Aphunzitsi adasiya kuphunzitsa. Zomwe ankafuna zidali kupepesa ndi chitsimikizo choti adzaphunzitsa mwaufulu, ndipo zonse ziwirizi ndi mawu ochita zinthu a mtundu womwe Austin adafotokoza. Pulezidenti Bingu wa Mutharika adati mkulu wa apolisiyo sapepesa. Aphunzitsi anayi adachotsedwa ntchito, ndipo adabwezeretsedwa mu Okutobala chaka chomwecho. Chomwe chidalimbitsa aphunzitsiwo n'chakuti gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limatchula ufulu wa maphunziro mwachindunji. Monga momwe zidalili ndi msonkho wa ku Nigeria, mawu omwe adali kale m'lamulo adali ndi poimira. Nkhaniyi ikutikumbutsanso kuti kagwiridwe kabwino ka ntchito ka mphunzitsi sikathera pa malipiro, kamakhudzanso zomwe angathe kunena ataima kutsogolo kwa kalasi.

Pomaliza

M'chimangirizo chino ndaonetsa kuti zokambirana za malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito ka aphunzitsi a m'mayunivesite ndi nkhaninso ya chiyankhulo. Mbiri ya ASUU kuyambira mu 1992 mpaka mu 2023 yasonyeza kuti mfundo zomwe zidalowa m'malamulo, monga msonkho wa maphunziro ndi msinkhu wopumira pantchito, zidakhalitsa, pomwe zomwe zidatsala m'zikalata zidabala masitalaka obwerezabwereza. Maganizo a Austin ndi Searle atithandiza kuona chifukwa chake, ndipo aphatikiri -an-, -idw- ndi -dza- atipatsa njira yapafupi younikira chiganizo chilichonse cha m'pangano.

Choncho aliyense wowerenga pangano lotere, kaya ndi mphunzitsi, wophunzira, mtolankhani kapena kholo lolipira fizi, ayenera kufunsa mafunso asanu. Kodi mbali zonse zidakambiranadi? Wochita ndani? Adzachita liti? Ndalama zichokera kuti? Nanga akapanda kuchita chidzachitike n'chiyani? Pangano lomwe silingayankhe mafunsowa likhoza kutsegulitsa makalasi mwezi uno, koma limakhala lasunga mkangano wina wa m'tsogolo. Ife ophunzira chiyankhulo timafunsidwa kawirikawiri kuti maphunziro athu ali ndi phindu lanji. Limodzi mwa mayankho ndi limeneli: taphunzitsidwa kufufuza mchitantchito m'chiganizo, ndipo lusoli likufunika kwambiri pomwe anthu akusayinirana mapepala okhudza tsogolo la ophunzira zikwizikwi.